Madamu amuthira inki yofiira chifukwa cholemba ngati buku: kodi galamala ya Chingerezi ilipo ingati?

Bambo a Tadala:
Odi kuno akuluakulu. Ndabwera ndi mlandu wa kunyumba kwanga, mundithandize kuweruza, poti ine sukulu yanga inathera pa JC. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4, MSCE ili pakhomo. Madamu awo a Chingerezi anawapatsa chimangirizo, nkhani yopeka ya usiku woopsa. Mwana analemba mpaka kandulo kutha. Kope pobwerako, tsamba lonse psuu ngati pophera mbuzi. Iye akulira kuti amulakwira, akuti mabuku amene amawerenga m'kalasi amalembedwa momwemo. Chiyambi chake nachi, ndakopera osasintha kanthu:

"Midnight. No moon. No dog barking. And then a song. Down the path came my uncle, drunk as usual. He don't know that Father was waiting behind the door. He opens it and fell."

Pa ziganizo zitatu zoyambazo madamu alemba kuti palibe mneni. Pa "And" akuti chiganizo sichiyamba ndi mawu amenewo. Pa "Down the path came" akuti mawu asemphana. Kenako azunguliza "don't" ndi "opens". Malo asanu ndi awiri. Wolakwa ndani, mwana kapena madamu?

Achimwene a ku Joni:
Kkkkk amalume akewo ndikuwadziwa, kwathu aliponso otere. Koma nkhaniyi ndi yokoma bwanji, ine ndafuna kudziwa kuti atagwa zinatha bwanji.

Madamu Nachisale:
Ine ndili mbali ya mnzanga wa choko, ndipo sindikubisa. Bambo a Tadala, m'kalasi langa muli ana opitirira 90. Mwa iwo, amene amasiya mneni mwadala sakwana asanu. Ena onse amamusiya chifukwa sadziwa kuti wasowa. Ndiye ine ndikachonga makope usiku ndi tochi ya foni, ndidziwa bwanji kuti uyu ndi katswiri, uyu ndi wosochera? Komanso kumbukirani kuti Chingerezi ukachilephera pa MSCE, satifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza ngati makina. Ochonga a MANEB samudziwa Tadala, sadzamufunsa kuti umatanthauza chiyani. Mwana alembe ziganizo zathunthu, akhoze mayeso. Za ulembi akazichite akadzatenga satifiketi.

Gogo Wopuma pa Choko:
Mwandidzutsa kutulo ta masana. Ndidaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri ndisanapume, ndipo inki yofiira ndidaimwaza yokwana ndowa, ina mwachilungamo, ina ayi. Bambo, mlandu wanuwu si umodzi. Mwamanga mitolo iwiri ndi luzi limodzi, tiyeni timasule.

Mtolo woyamba: "He don't know" ndi "He opens it and fell." Apa madamu akhoza, ndipo palibe buku limene lingamupulumutse mwanayu. Nkhani yonse ikuyenda m'nthawi yakale, "came", "was waiting", ndiye pafunika "didn't know" ndi "opened". Mlembi angathe kusankha kufotokoza nkhani yonse m'nthawi yatsopano, ambiri amatero masiku ano, koma sangatsegule chitseko lero n'kugwa dzulo m'chiganizo chimodzi. Uko si luso, n'kuterereka.

Mtolo wachiwiri ndi malo asanu otsalawo. Pamenepo mwanayu sadalakwe Chingerezi. Wavala zovala za ku ukwati, madamu amayembekeza yunifolomu. "Midnight. No moon." ndi mmene nkhani zopeka zimalembedwera kuyambira kalekale. Charles Dickens, m'buku lake la Bleak House limene lidatuluka m'zigawo mu 1852 ndi 1853, chiganizo choyamba ndi liwu limodzi lokha, dzina la mzinda wa London, mpumiro. Kenako ndime zoyambirirazo zikuyenda ndi matope ndi chifunga, popanda mneni wamkulu wogwira chiganizo. Akadalembera madamu a Tadala, akadabwerera ndi tsamba lofiira nayenso.

Madamu Nachisale:
Agogo, ulemu wanu, koma Dickens sankalemba MSCE.

Gogo Wopuma pa Choko:
Zoona mwanangu, ndipo ndifikako. Ndimangofuna tisamuuze mwana kuti chinthu ndi cholakwika pamene chili chosayenera malo. Mawu awiriwa ndi osiyana. Ukamuuza kuti n'cholakwika, mawa akachipeza m'buku limene iwe wemwe wamupatsa, ndiye asiya kukukhulupirira ngakhale pa "he don't" pamene ukunena zoona.

Mlakatuli wa pa Ndirande:
Ine izi zimandipsetsa mtima. Galamala, galamala, ya ndani? Azungu anatisiyira unyolo ife n'kumaupukuta kuti uziwala. Amos Tutuola wa ku Nigeria sukulu anangophunzira zaka zisanu ndi chimodzi, analemba The Palm-Wine Drinkard m'Chingerezi chake chomwe, a Faber ku London n'kulisindikiza mu 1952, dziko lonse linawerenga. Amene anachita nalo manyazi anali ophunzira a kwawo omwe, anthu a mataye ngati madamu athuwa. Ken Saro-Wiwa analemba Sozaboy mu 1985, pachikuto n'kulembapo yekha kuti ndi buku la m'Chingerezi chowola. Musiyeni mwana alembe "he don't" ngati mtima wake ukutero!

Madamu Nachisale:
Ine sindivala taye achimwene. Ndipo mwana akalephera mudzamulipirira ndinu fizi yobwereza?

Gogo Wopuma pa Choko:
A Mlakatuli, zitsanzo zanu ndi zabwino koma chachiwiricho chikukutsutsani. Saro-Wiwa adaphunzira Chingerezi pa yunivesite ya Ibadan. Chowola chija adachiwoletsa dala, chifukwa wofotokoza nkhaniyo ndi mnyamata wosaphunzira kwenikweni amene walowa usilikali pa nkhondo. Ndi mawu a mnyamatayo, osati a mlembi. Akafuna kulemba kalata kapena nkhani ya m'nyuzipepala ankalemba Chingerezi chowongoka ngati njanji. Kwathu konkuno, Jack Mapanje, amene ndakatulo zake zidamufikitsa kundende ya Mikuyu mu 1987, anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College ndipo udokotala wake ndi wa sayansi ya zilankhulo, wa ku London. Anthu amenewa ankadziwa pamene pali mpanda asanaulumphe.

Ndiye "he don't" angalowe m'nkhani ya Tadala, inde, koma atuluke pakamwa pa amalume oledzerawo, m'kati mwa mitengero. Akatuluka pakamwa pa wofotokoza amene mzere wapamwamba walemba bwinobwino "Down the path came my uncle", wowerenga adziwa kuti phazi laterereka.

Mlakatuli wa pa Ndirande:
Nanga Tutuola? Mwamudumpha dala.

Gogo Wopuma pa Choko:
Sindinamudumphe, ndamusiyira inu. Ameneyo ndikuvomera, sadachite kusankha, ndi Chingerezi chimene anali nacho, ndipo nthano zake za Chiyoruba zidali ndi mphamvu yonyamula zonse. Koma a Tutuola amabadwa kamodzi pa m'badwo. Sindingauze mwana wa Fomu 4 kuti adalire mwayi umenewo.

Abusa a Kumudzi:
Ndilowepo pa nkhani ya "And" yokhayo, chifukwa imeneyo ndi ya m'munda mwanga. Tsegulani Baibulo la Chingerezi la King James la 1611, Genesis mutu woyamba. Kuchokera vesi lachiwiri, pafupifupi vesi lililonse likuyamba ndi "And". Chifukwa chake n'chakuti m'Chiheberi nkhani imalumikizidwa ndi kachilembo kamodzi kotanthauza "ndi", omasulira n'kungokatsata. Athu a Buku Lopatulika la 1922 anachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake mukumva "Ndipo... ndipo... ndipo" mpaka mutu kutha. Ine ndikamawerenga pa guwa, "ndipo" ameneyo ndi ng'oma, amapereka mayendedwe. Koma ndikamalemba lipoti la ndalama za mpingo sindiyamba mzere uliwonse ndi "ndipo", akulu a mpingo angandiseke.

Wachilankhulo wa ku Zomba:
Abusa mwalasa. Lamulo loti chiganizo chisayambe ndi "and" kapena "but" mabuku akuluakulu a galamala ya Chingerezi salivomereza. Ndi lamulo la m'kalasi, lothandiza ana ang'ono amene amalemba "and then... and then... and then" tsamba lonse. Vuto ndi loti timakula nalo osauzidwa kuti linali la ku pulayimale, ngati munthu wa ndevu amene akuopabe kuloza manda kuti chala chipindika.

Malamulo otere alipo angapo, ndipo ena tikudziwa amene anawayambitsa. Loti chiganizo chisathere ndi mperekezi, monga "the man I spoke to", linatchuka ndi mlakatuli wa ku England John Dryden mu 1672, pamene ankadzudzula Ben Jonson, mlembi wa m'badwo wa Shakespeare. Dryden mutu wake unali ku Chilatini, kumene mperekezi sangatsalire kumapeto, ndipo anabwerera ku zolemba zake zomwe n'kukonzamo. Kenako mu 1762 Robert Lowth, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa London, anatulutsa kabuku ka galamala kamene kanafala kwambiri. Chosangalatsa n'chakuti Lowth yemweyo sananene kuti n'kulakwa. Anati kusiya mperekezi kumapeto ndi chizolowezi cha Chingerezi, chimayenera pocheza ndi polemba momasuka, koma kumuika patsogolo, "the man to whom I spoke", kumayenera kalembedwe kolemekezeka. Mwaona? Mwini wake anasiyanitsa malo awiri. Amene anabwera pambuyo ndi amene anasandutsa malangizo kukhala chikwapu.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye "to whom" uja tinamenyedwa naye ku sukulu ndi wa tchalitchi basi? Kuno ku Johannesburg zaka zonsezi sindinamvepo munthu akunena "to whom" pakamwa, ngakhale bwana wanga mzungu. Amangoti "who did you give it to".

Wachilankhulo wa ku Zomba:
Bwana wanuyo akulankhula Chingerezi cholondola. "To whom" akadali moyo, koma amakhala m'makalata a boma, m'makhoti ndi m'mabuku ena.

Pali buku lalikulu la 1999, Longman Grammar of Spoken and Written English, la Douglas Biber ndi anzake anayi. M'malo mongolamula, iwo anatenga mawu okwana 40 miliyoni pa kompyuta, a mitundu inayi: macheza a pakamwa, nkhani zopeka, nyuzipepala ndi zolemba za maphunziro apamwamba, n'kuwerenga kuti chilichonse chikupezeka kangati. Zinaoneka kuti galamala ndi imodzi, koma mtundu uliwonse umatapa mbali yake. Nkhani zopeka zadzaza ndi nthawi yakale, ndipo ndi kumene "had gone", "had seen" amapezeka kwambiri, chifukwa wofotokoza amabwerera m'mbuyo kawirikawiri. Macheza amakonda nthawi yatsopano, alowam'malo ndi mawu ofupikitsa ngati "don't" ndi "I'm". Msintho wochitidwa, uja wa "the samples were collected", ndi wochuluka m'zolemba za maphunziro, wosowa kwambiri pocheza. Ndiye tikamati "Chingerezi cholondola" tizifunsa kuti cha m'chipinda chiti.

Koma chimene chandikhudza ine ndi "Down the path came my uncle". Bambo a Tadala, muuzeni mwana kuti chiganizo chimenechi ndi chabwino kuposa zonse m'ndimeyo, ndipo n'kutheka kuti Chichewa chinamuthandiza. Ife timati "Pachitsime padafika mlendo", "M'nyumba mudalowa njoka". Malo patsogolo, mneni pakati, mwininkhani kumapeto, kuti wobwerayo atulukire mochedwa ngati akuvundukulidwa. Kwa ife ndi chilankhulo cha tsiku ndi tsiku, ngakhale mwana amatero. M'Chingerezi kasanjidwe komweko kalipo koma kamakhala kwambiri m'nkhani zopeka ndi zofotokoza malo. Akatswiri awiri, Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva, analemba pepala lotchuka mu 1989 pa kasanjidwe kameneka m'Chichewa chathu chomwechi, ndipo ophunzira za zilankhulo m'maiko ambiri amaliwerenga. Ndiye chimene madamu achitcha kusemphana, ena anachilembera pepala.

Bambo a Tadala:
Aaa, ndiye mwana wangayu ndi pulofesa osadziwa? Kkkk musamuuze, atukumuka.

Mayi a Mapasa:
Inetu sindine wa zamabuku koma ndikuona ngati mukuvutika ndi chinthu chimene agogo athu ankachita pamoto. Akamakamba nthano sankati "kunja kunali chete ndipo kunalibe mwezi". Ankati: "Usiku. Mdima bii. Kunja zii. Kenako, gogogo pachitseko!" Mneni ali kuti pamenepo? Ife tonse tinkagwirana manja ndi mantha. Koma agogo omwewo akapita kwa amfumu kukadandaula za malire a munda, ankalankhula ziganizo zazitali zaulemu, palibe za bii ndi zii. Tadala wangochita m'Chingerezi zimene anamva m'Chichewa.

Gogo Wopuma pa Choko:
Mayi a Mapasa, mwanena m'mizere isanu zimene ine ndimafuna kunena m'masamba atatu.

Namwino wa ku Leeds:
Moni nonse, ndangoweruka. Ndawerenga zonse ndipo pali chimodzi chimene ndikufuna kutsutsa, maganizo akuti ziganizo zopanda mneni kapena zopanda mwininkhani ndi za alembi a mabuku okha. Ine ndimalemba zotero usiku uliwonse ku wodi. "Slept well. Refused breakfast. Pain in left hip. Daughter informed." Palibe "he", palibe "was", ndipo ndikalemba ziganizo zathunthu mnzanga wolandira shifiti angandifunse ngati ndili ndi nthawi yotaya. Mitu ya nyuzipepala nayonso ili ndi galamala yakeyake: munthu anamwalira dzulo koma mutu ukuti "dies", chinthu chidzachitika mawa mutu ukuti "to visit".

Chimene chinandiphunzitsa kusiyana kwake ndi mayeso a Chingerezi a OET amene ambiri a zaumoyo timalemba tisanabwere kuno ku England. Pa gawo lolemba amakupatsa manotsi a wodwala oduladula omwewo, n'kukuuza kuti uwasandutse kalata yotumizira wodwalayo kwa dokotala kapena namwino wina, m'ziganizo zathunthu. Ulendo woyamba ndinalephera gawo limenelo. Chingerezi ndimachidziwa, koma ndinakopera manotsi momwe analili. Mfundo zomwezo, wodwala yemweyo, koma pepala lina likufuna zidutswa, lina likufuna nsalu yathunthu. Ndalama zobwereza mayeso zinandiwawa mpaka lero.

Ndiye Madamu Nachisale ali ndi mfundo. Wochonga amafuna aone kuti ukhoza kusoka nsalu yathunthu.

Madamu Nachisale:
Zikomo asisi, mwandipukuta thukuta. Ndimaoneka ngati mfiti pagulu pano.

Kalaliki Wakale:
Inu mukudandaula za ana odula ziganizo, ine ndikudandaula za akuluakulu ozitalikitsa. Ndakhala pa desiki ya makalata zaka zambiri mu ofesi ina, ndipo matenda athu Amalawi si Chingerezi chochepa, ndi Chingerezi cha m'buku pamalo osayenera. Munthu akufuna tchuthi cha masiku atatu, alemba: "I humbly beg to submit this my application for your most kind and sympathetic consideration." Ndime yonse yatha, masiku sanawatchule. Wina analemba kalata yopempha kuti amukonzere mpope wa madzi kunyumba ya ofesi, anayamba ndi kufotokoza kutuluka kwa dzuwa. Sindikunama. Bwana anaiwerenga mokweza, ofesi yonse misozi mbwee ndi kuseka, mpope sunakonzedwe sabata imeneyo chifukwa palibe anamvetsa kuti wawonongeka pati.

Eni ake chilankhulo anazitaya kalekale zimenezi. Boma la Britain linapempha Sir Ernest Gowers kuti alembe kabuku kophunzitsa ogwira ntchito m'boma kulemba mosazungulira, kanatuluka mu 1948, dzina lake Plain Words. Mu 1979 kunayamba gulu la Plain English Campaign lolimbana ndi mafomu osamveka. Ku America anafika pokhazikitsa lamulo mu 2010 loti mabungwe a boma azilembera anthu momveka. Ife tidakali pa "your obedient servant" wa nthawi ya a DC.

Achimwene a ku Joni:
Kkkkk a Kalaliki mwandikumbutsa makalata achikondi a ku sekondale. Tinkatsegula dikishonale n'kusankha mawu aatali okhaokha. Mtsikana wina anandiyankha mzere umodzi: "Sindinamve, unene m'Chichewa."

Mlakatuli wa pa Ndirande:
Apa ndiye ndikugwirizana ndi a Kalaliki. Ana athu amaganiza kuti kulemba mwaluso ndi kuunjika afotokozi ndi mawu akuluakulu. Tadala sanachite zimenezo, wadula. Ndi chifukwa chake ndikumumenyera nkhondo. Mwana wa Fomu 4 wodziwa kuti mantha amafuna ziganizo zazifupi ndi wosowa. Mukamuthira inki yofiira kasanu pa chinthu chimene wachita bwino, chaka chamawa adzalemba za kutuluka kwa dzuwa ngati wa mpope uja.

Madamu Nachisale:
Pamenepo pokha ndakumvani achimwene. Ndivomere kuti ndikanakhala ine, "And" ndi "Down the path" sindikanazidula. Koma zitatu zopanda mneni motsatizana, pa chiyambi penipeni pa pepala la mayeso, ndikanamulembera m'mbali kuti "chenjera".

Bambo a Tadala:
Mwini nkhani ali pano, wakhala akuwerenga paphewa panga. Ndamupatsa foni.

Moni makolo anga nonse, ndine Tadala. Zikomo. Za "don't" ndi "opens" ndavomera, ndinalemba mothamanga. Koma ndili ndi funso lina. Sewero la Shakespeare limene tikuwerenga lili ndi "thou", "thee", "hath", ndipo mafunso ena alibe "do", amangoyamba ndi mneni. Kodi chimenechi ndiye Chingerezi chapamwamba chenicheni, chathuchi n'chosukuluka? Anzanga ena amaika "thou" m'ndakatulo zawo kuti zimveke zozama.

Gogo Wopuma pa Choko:
Funso labwino mdzukulu wanga. Ayi, si chapamwamba, ndi chakale. Zambiri zimene ukuziona ngati zokongoletsa zinali zolankhula za mumsewu nthawi imeneyo. Kufunsa popanda "do", monga "Know you the way?", kunali kololedwa, ndipo "do" anali asanakhazikike monga lero. "Hath" ndi "goeth" ankapikisana ndi "has" ndi "goes", amene adachokera kumpoto kwa England n'kupambana. Shakespeare amagwiritsa zonse ziwiri, nthawi zina pofuna kuti mzere wa ndakatulo ukwane mapande ake. Amaphatikizanso "most" ndi "-est" pa liwu limodzi, zimene iwe ukalemba lero madamu akudula, ndipo adzakhala akhoza.

Koma za "thou" mvetsera bwino, chifukwa iwe Mchewa ungazimve msanga kuposa mwana wa ku London. "Thou" ndi "iwe". "You" ndi "inu". Basi. "You" anali wa anthu ambiri komanso waulemu kwa munthu mmodzi, ndendende mmene timachitira ife. "Thou" anali wa mwana, wantchito, wokondedwa wako, kapena munthu amene ukufuna kumunyoza. Mu 1603, pa mlandu wa Sir Walter Raleigh, loya wa boma Sir Edward Coke adamutchula dala "thou" m'khoti, n'kumuuza poyera kuti ndikukutchula iwe chifukwa ndiwe wachiwembu. Tangoganiza munthu kuimirira pabwalo n'kuuza a gulupu kuti "iwe". A mpingo wa Quaker, m'zaka za m'ma 1650, adaumirira kutchula aliyense "thou" ponena kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu, ndipo ankamenyedwa nazo. Pang'ono ndi pang'ono anthu adayamba kuopa kulakwira anzawo, aliyense n'kukhala "you", "thou" n'kutsalira m'Baibulo, m'mapemphero ndi m'ndakatulo.

Ndiye ukamawerenga seweroli, tenga pensulo. Paliponse pamene munthu wasintha kuchoka pa "you" kupita pa "thou" polankhula ndi munthu yemweyo, lemba m'mbali "wayamba iwe". Kawirikawiri pamenepo pali mkwiyo, chikondi kapena chipongwe. Anzako oika "thou" m'ndakatulo uwauze kuti akutchula anthu "iwe" osadziwa.

Abusa a Kumudzi:
Agogo mwanditsegula maso pa chinthu chimene ndakhala ndikuchinena zaka zonsezi. Ndiye mu Pemphero la Ambuye la Chingerezi chakale, "thy name" ndi "dzina lako"? Ife timati "dzina lanu". Ine ndimayesa "thy" ndi ulemu woposa.

Gogo Wopuma pa Choko:
Ndi "lako" ndithu abusa. Omasulira ankatsata Chigiriki ndi Chiheberi, zimene zimasiyanitsa mmodzi ndi ambiri, ndipo Mulungu ndi mmodzi. Ulemu umene mukuumvawo udabwera pambuyo, liwulo litasowa kwina konse n'kutsala m'tchalitchi mokha. Chovala chikakhala cha Lamulungu lokha chimayamba kuoneka chopatulika, ngakhale poyamba chinali cha kudimba.

Namwino wa ku Leeds:
Ndipo sichinafe konse. Kuno ku Yorkshire nkhalamba zina zimanenabe "tha" ndi "thee". Agogo ena ku wodi anandiuza "tha's a good lass", ine n'kumayesa akulankhula chilankhulo china. Mnzanga ndiye anandimasulira kuti akuti ndiwe mtsikana wabwino. Lero ndadziwa kuti ankanditchula "iwe" wachikondi. Anthu ake ndi a m'migodi ndi m'mafakitale akale, osati a mabuku.

Wachilankhulo wa ku Zomba:
Tadala, pa za mayeso ndikupatse njira yogwirika. Usanasiye chidutswa chilichonse, yesa kuchilemba chathunthu pambali: "It was midnight. There was no moon." Ukatha kutero, ndipo ukaona kuti chathunthucho chikuzizira, siya chidutswacho. Ukalephera kuchimaliza, ndiye kuti sunasankhe, wasochera. Ndipo ukasankha funso la lipoti, kalata kapena zokamba pa msonkhano, zidutswa zonse zisiye pakhomo.

Madamu Nachisale:
Ndiwonjezere monga wochonga makope. Chiganizo choyamba chikhale chathunthu, chosalakwika, kuti wochonga akhazike mtima pansi. Ndime yoyamba ikamuonetsa kuti nthawi za aneni ukuzigwira, akafika pa "No moon." adziwa kuti wachita dala. Chidutswa chimodzi kapena ziwiri m'nkhani yonse, osati thumba lathunthu. Ndipo zolankhula za anthu ako uziike m'mitengero, mmenemo amalume angathe kuphwanya Chingerezi mmene angafunire, sitidula.

Mlakatuli wa pa Ndirande:
Ndiye kuti ayambe wagwada kenako avine. Chabwino, pa MSCE ndalola. Koma Tadala, kope loyambalo usataye, ndipo usakonze "Midnight. No moon." Ulisunge momwemo.

Achimwene a ku Joni:
Anthu inu mpaka pano palibe wandiuza kuti amalume atagwa zinatha bwanji.

Bambo a Tadala:
Ndabweranso patapita masiku awiri kudzapereka lipoti. Mwana analembanso nkhani ija, n'kupita nayo kwa madamu pamodzi ndi yoyamba, mwaulemu monga ndinamulangizira. Yatsopano ikuyamba motere: "It was past midnight when the dogs stopped barking. No moon. And then a song." Akuti madamu anawerenga kawiri, anafunsa kuti wakuthandiza ndani, iye n'kuti agogo ena a pa intaneti. Pa "And" ndi "Down the path" abweza malikisi awiri. Pa zopanda mneni akana, akuti mawu awo ndi omwewo mpaka mayeso atatha. Mwana wavomera, ngakhale akung'ung'udza.

Achimwene a ku Joni, amalume aja atagwa anagona pomwepo pakhomo mpaka m'mawa, bambo ake n'kuwafunditsa chiguduli. Ndi nkhani yoona, ndi mlamu wanga, chonde isapitirire pano.

Vuto latsopano ndi loti kuyambira dzulo mlongo wake wamng'ono akumutchula "thou", ine akunditchula "you", ndipo akuti nkhuku zonse ndi "thee". Agogo, mwandiyambitsira zinthu m'nyumba.

Gogo Wopuma pa Choko:
Nkhuku zikakhala zambiri ndi "ye", bambo. Muuzeni akonze.